Dzina la Amayi Anga

Ndine mphunzitsi, ndipo mayina a ana onse a m'kalasi mwanga ndimawadziwa pamtima. Koma chaka chatha ndinalephera kulemba dzina la amayi anga ondibereka.

Zinamveka kuti pa Boma akulemba okalamba kuti azithandizidwa pa za chipatala. Ndinakawatenga amayi kwathu kumishoni ya Guilleme, ine patsogolo, cholembera chili m'thumba la shati. Mlembi pondipatsa fomu anati, "Aphunzitsi, kwa inu izi n'zosavuta."

Pamzere woyamba pomwepo mutu unaima. Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina. Malemu bambo ankawaitana kuti aNaphiri, anzawo amati amake Yosefe potchula dzina langa, ine ndimangoti amayi. Chiphaso chawo anali atachimangirira kunsonga ya chitenje, koma mphunzitsi wathunthu n'kufunsa zimenezo pagulu? Ndinalemba kuti Maria Phiri, poganiza kuti kumishoni a Maria ndi ambiri.

Patapita nthawi mlembi anaitana, "A Maria Phiri!" Anaitana katatu konse. Amayi anangokhala phee, n'kumayang'ana uku ndi uku. Kenako anandinong'oneza kuti, "Koma anthu ena kugontha! Sakumva?"

Ndinayankha chapansipansi, "Akuitana inuyo."

Amayi anamasula mfundo ya chitenje ija pang'onopang'ono, n'kupereka chiphasocho kwa mlembi, osati kwa ine. Fomu yanga inang'ambidwa anthu onse odikira akuona.

"Ndine Sesiliya," anatero amayi. "Mumukhululukire mwanayu, bambo. Sanandifunsepo."