Mpando wa pakona

Ndinaphunzira kusoka pa kashopu kena ka telala pa Lirangwe. Tinalipo anayi: amayi eni shopu, ine, mnzanga wina wa ku Chigaru, ndi bambo ena achikulire omwe makina awo anali pakona. Amayiwo sankadziwa kukalipa. Ukalakwitsa kudula nsalu ankakhala nawe pansi n'kukuonetsanso. Wina akadwala, otsalafe tinkagawana ntchito yake, malo ake n'kumamudikira. Pamsika ankanong'ona kuti amayiwo anatidyetsa mankhwala, poti palibe ankachoka.

Chaka china bambo aja anatupa miyendo, mwana wawo wamkazi n'kuwatengera kwake ku Chileka. Anasiya mayunifolomu a sukulu osamaliza, ife tinawamaliza.

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anzanga atapita kukagula chakudya, ndinamva mpando wa pakona ukusuntha. Nditatembenuka ndinawaona bambo aja atakhala. Sindinawamve akulowa. Ndinawalonjera, anayankha bwinobwino, koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china. Kunkatentha choncho, iwo analibe thukuta ngakhale dontho. Anafunsa za mayunifolomu, ndinawauza kuti eni ake anatenga kale.

"Mwandichotsa manyazi, mwanawe," anatero. "Ndimaopa kuti ana ayamba sukulu opanda chovala."

Anasisita makina awo pang'ono, n'kutuluka kulowera kumsewu. Ndinaima pakhomo kuti ndiwaperekeze, koma mumsewumo munali wa kabaza mmodzi yekha, akusinza panjinga.

Amayi atabwera ndinawafotokozera. Tisanamalize kudya, foni yawo inalira. Anali mwana wamkazi uja, kunena kuti bambo atisiya m'mawa womwewo.

Mbale inandipulumuka m'manja n'kugwa. Amayi sanandiseke, sanandifunsenso kachiwiri. Anatseka shopu, anandigwira dzanja mpaka pa siteji, tonse atatu n'kukwera minibasi ya ku Chileka. Ku maliroko tinamva kuti kwa masabata awiri bambowo sankatha n'kuponda pansi komwe. Ndinafuna kulankhula, koma amayi anandipsinja chala kundiletsa.

Titabwerera ku ntchito, ndinkachita mantha kutsala ndekha m'shopumo, ngakhale sindinauze munthu. Amayi anangosintha zinthu mwakachetechete. Nthawi ya chakudya ikakwana ankatuma mnzanga uja yekha, iwo n'kukokera mpando wawo pafupi ndi wanga, ati akufuna kuona mmene ndikusokera kolala. Anachita zimenezi mpaka mvula inagwa.