Madala Oyankhula ndi Galimoto m'Chirasha

Mumsewu mwathu muno mumzinda wa Cienfuegos amati madala a pakona paja ndi mfiti, eti amalodza magalimoto m'Chirasha. Bodza lenileni. Paunyamata wawo boma linawatumiza ku Russia kukaphunzira sayansi, ndipo anabwerako ndi chipewa chaubweya komanso mawu awiri osachoka pakamwa: "massa", kulemera kwa chinthu, ndi "inertsiya", kaulesi kaja ka chinthu chokana kusuntha. Mdzukulu wawo akawauza kuti mabuku a masiku ano amatchula zimenezi m'Chingerezi, iwo amangoti, "Galimoto za kuno n'za ku Russia, Chingerezicho zikachimvera kuti?"

Loweruka lapitali galimoto ya Lada ya mnansi wathu Yosvani inazima pakona pomwepo, mwana wake mkwatibwi ali mkati, kutchalitchi anthu akudikira. Anyamata anakankha mpaka thukuta kamukamu, galimoto osasuntha. Madala anafika n'kusuzumira pawindo.

"Massa!" anakuwa, uku akutsegula chitseko chakumbuyo. "Kankhaninso, ana inu!"

Galimoto inatsetsereka n'kulira. Yosvani, yemwe maso anali pachiwongolero, anafuula, "Mwaonatu! Ufiti uja ndi umenewu!"

"Ufiti wa chiyani, iwe? Ndangotsitsa apongozi ako."