Mano Obwereka

Pa Kobwe pali mkulu wina amene aliyense amangowatcha a Pulofesoli, ngakhale sanaphunzitsepo pasukulu iliyonse. Chingerezi anachitola akugwira ntchito m'sitima yapanyanja, ndipo achinyamata ofuna ntchito ku Likoma amayamba adzera kaye pakhonde pawo. Ali ndi kagalasi kong'aluka ka njinga yamoto, komwe amapatsa wophunzira kuti aziyang'ana pakamwa pake polankhula. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Chingerezi chimakhala m'mano."

Tsoka lake, mano awo akutsogolo anaguluka onse.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wina dzina lake Odília, mawa lake akukayesedwa ntchito yolandira alendo kutsidya ku Likomako. Mawu achingerezi otanthauza "zitatu" ndi "mtengo" ankawatchula mofanana. Mkuluyo anayesa kumuonetsa pamene lilime limagunda mano, koma m'kamwamo munangotuluka mphepo yokhayokha. Anayesanso, osatheka. Manyazi anawagwira. Mwana wa eni akalephere mayeso chifukwa cha usinini wawo?

Anaitana akazi awo, amene ankasenda chinangwa kuseri.

"Amayi, tandibwerekaniko mano anuwo."

Mayiwo Chingerezi sachidziwa, koma mawu amenewa akhala akuwamva pakhondepo zaka makumi atatu. Anapukuta manja pachitenje, n'kuwatchula bwinobwino, lililonse palokha, mpaka Odília anatha kutsanzira.

"Amayi, munaphunzira kuti?" anafunsa mtsikanayo modabwa.

"Ine? Chimene ndanenacho sindichidziwa n'komwe. Funsa iwowa. Matanthauzo ndi awo, mano ndi anga. Ukwati ndi umenewo, mwanangu."