Kapulana wachiwiri wa Custódia

Mlamu wanga Custódia sayenda ndi kapulana mmodzi, nsalu ija ena amati chitenje. Wina amavala, wina amapinda n'kuika m'thumba, ngakhale popita kuchigayo. Kuno ku Mualadzi amamutcha ativisita, womenyera ufulu wa anthu, koma salandira kanthu. Ntchito yake anadzipatsa yekha: munthu akamenyedwa, akaberedwa kapena akagwiriridwa, iye amapita kukakhala naye, kenako n'kumuperekeza kuchipatala ndi kupolisiya ku Chifunde. Munda wake umamera udzu, ana ake amadya kwa ine, ndipo sindibisa, zimandinyansa.

Zinayamba ndi mng'ono wake. Mwamuna wina anamugwira kudambo, ndipo amayi awo, chifukwa cha manyazi, anamusambitsa n'kuchapa zovala zonse. Atafika kupolisiya panalibe choonetsa. Mwamunayo mpaka lero amagulitsa tomato pamsika. Kuyambira pamenepo Custódia amauza azimayi kutchalitchi kuti zoterezi zikachitika asasambe, asachape, amuitane. Kapulana wa m'thumba uja ndi woti wolakwiridwayo asinthire, wong'ambikayo asungidwe momwe alili.

Ine ndimaopa. Anthu amene amawatengera kupolisiya ali ndi abale, ndipo abalewo amadziwa pamene pali nkhokwe zathu. Chaka chatha wina anadula miyendo ya mbuzi yake. Ndinamuuza kuti, "Alamu, mudzatiphetsa." Anangoti wamva.

Tsiku lina m'mawa kunabwera uthenga woti Ivânia, mayi wa mwana mmodzi wa tsidya la mtsinje, anagwiriridwa dzulo lake pochokera kuchigayo. Womugwirayo ankadziwika, Crimildo, mwana wa banja la ng'ombe zambiri. Custódia anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinakana, kenako ndinapezeka ndili pambuyo pake.

Njira yonse ankangonena chimodzi: "Asakhale atachapa." Anandiuzanso kuti mankhwala oteteza ku matenda amafuna munthu afike msanga kuchipatala. Ankayenda mothamanga moti ine ndinkachita befu.

Titalowa pabwalo, ndinaona mbuzi yonenepa itamangidwa pamtengo wa mango. A Lourenço, malume ake a Ivânia, anali pampando, ndipo sanatipatse ndi mphasa yomwe.

"Nkhaniyi tathana nayo pachibale," anatero. "Akwawo kwa mnyamatayo apepesa, mbuzi ndi iyo. Inu mwadzatani?"

Custódia anagwada n'kuwapatsa moni mwaulemu, koma maso ake anali kuseri kwa nyumba. Nanenso ndinayang'ana komweko. Pachingwe panali kapulana wong'ambika, akudontha madzi. Amayi ake a Ivânia anali chapafupi, manja akadali ndi thovu la sopo.

Ine ndinafuna kuwalalatira, koma Custódia anandigwira dzanja.

"Amayi, mwachapa chifukwa mumamukonda," anatero. "Ndiloleni ndimuone."

A Lourenço anati palibe wolowa. Custódia anayankha kuti mkazi mnzake akadwala amakamuona, ndipo analowa. Ine ndinatsatira, poopa kutsala ndi bambo uja.

Ivânia anali pakona, atadzifunditsa bulangete kunja kukutentha chonchija, tsaya litatupa. Custódia anakhala pansi pafupi naye. Kenako anati, "Sindikukakamiza, mng'ono wanga. Ukafuna kupita, ndipita nawe. Ukafuna kukhala, ndikhala nawe."

Ivânia anafunyulula bulangete pang'ono. Mkati anali akadavala bulauzi ndi siketi za dzulo, zong'ambika, zamatope.

"Kapulana anandilanda," ananong'ona. "Izi ndakana kuvula. Akuti ndikununkha. Koma ndinamva zimene munanena kutchalitchi."

Custódia anatulutsa kapulana wake wa m'thumba. Ine ndinavula bulauzi ya pamwamba n'kumupatsa. Zong'ambikazo tinazikulunga bwino.

Potuluka, a Lourenço anaimirira. "Ukadutsa pamenepo, ulibenso malume."

Ivânia anaima. Mumtima ndinati basi, zathera pano, abwerera m'nyumba. Custódia sanamukoke. Mbuzi ija inkangodya masamba a mango. Kenako Ivânia anaponya phazi, n'kudutsa.

Tinali titatsala pang'ono kufika pamsewu pokwerera mota, njinga zamoto zija, pamene tinamva mapazi kumbuyo. Ndinaganiza kuti ndi abale a Crimildo, ndipo ndinatola mwala. Koma anali amayi ake a Ivânia, opanda nsapato, akupuma movutikira, kapulana wonyowa uja ali m'manja.

Anamupereka kwa Custódia ndi manja awiri, osayang'ana mwana wawo kumaso.

"Tengani nayenso," anatero. "Ndinachapa mofulumira. Mwina sanayere bwino."