Zithunzi za Bambo pa Memori Kadi

Kodi anatitayitsa zithunzi za bambo ndani, vayirasi kapena ine? Funsoli landibwerera lero ku ofesi, mnzanga atandibweretsera fulashi imene mafoda ake onse akuthera ndi .exe.

Ndili sitandade sikisi, bambo atangomwalira, mayi anandituma ku Madisi ndi memori kadi ya m'foni ya malemuwo kuti ndikatsukitse zithunzi. "Osapatuka, wamva?" anatero akuikulunga m'kansalu. Koma ndinapatukira kwa woika nyimbo, m'kanyumba konunkha fumbi ndi mawaya otentha, ndipo anandiikiramo nyimbo ziwiri.

Nditafika kwa wotsuka zithunzi, dzina la foda ya zithunzizo linali ndi kamchira ka .exe. Anaidina kawiri, osatseguka.

"Yalowa vayirasi iyi, mphwanga. Unadutsa nayo kuti?"

"Sindinadutse kulikonse."

"Zithunzi zadyedwa basi. Ndiifomate, ndifufute zonse, mayi ako aziigwiritsabe ntchito?"

Ndinagwedeza mutu msanga movomera. Ndinkaganiza kuti vayirasi ili ngati nankafumbwe, amene akalowa m'chimanga amasiya gaga yekha. Komanso ndinkafuna kuti nyimbozo zifufutike mayi asanazimve. Nditawauza kuti zithunzi zadyedwa ndi vayirasi, anangoti, "Chabwino, mwanangu," n'kupinda kansalu kaja.

Ku koleji ndinaphunzira kuti fayilo ya .exe si foda ayi, ndi pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito ukaidina. Vayirasi yotere imangobisa foda yeniyeni n'kutenga dzina lake. Choncho zithunzizo zinali momwemo mpaka pamene ndinavomera. Zinalipo makumi atatu ndi zinayi. Mayi anatsala ndi chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha bambo chogulitsira fodya.