Kalata Imene Inabisidwa M'jombo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Ngozo, ndimamva fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho zimene agogo aakazi ankasonkhezera moto. Loweruka lililonse ankatulutsa majombo awo a kumgodi, aja anabwera nawo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe, n'kukhala pakhonde kumawapukuta mosathamanga uku akutsokomola, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Majombowo sankapita nawo kulikonse, ngakhale kumsika kwa Manjawira. Agogo aakazi, Nachisale, ankawayang'ana cham'mbali akupeta n'kunena kuti, "Munthu wosamala majombo chonchi, mtima wake ukadali paulendo."

Agogo aakazi ankakayikira chilichonse. Wogulitsa mchere akawamwetulira, ankati ndiye kuti mbale yake yoyezera ndi yaing'ono. Bodza ankadana nalo koopsa, ndipo ukanama ankakuona m'maso usanamalize n'komwe. Kukayikirako ine ndinatengera iwo, sindibisa.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, agogo aamuna anayamba khalidwe lachilendo. Ndikangofika kuchokera kusukulu, yunifolomu ndisanavule, ankandiitana: "Esinati, tabwera ndi kope lako la Chingerezi." Masiku amenewo tinkaphunzira tiziganizo tifupitifupi tonena zimene munthu anachita kale ndi mmene anazichitira. "He walked slowly," anayenda pang'onopang'ono. "She ran quickly," anathamanga msangamsanga. Agogo ankalondola mzere uliwonse ndi chala chawo chopindika, milomo ikugwedera, kenako n'kukopera ndi pensulo papepala la thumba la shuga. Abale, nkhalamba imene Chingerezi chake chonse chinali moni basi!

Tsiku lina tikuchokera kuchigayo, agogo aakazi anatula dengu pamthunzi n'kundiyang'anitsitsa.

"Iwe, agogo akowa Chingerezi akuchifuniranji? Akukalemba mayeso?"

"Kaya, agogo."

"Kaya ndi yankho la munthu amene akudya nawo. Tsegula maso, uzindiuza zonse."

Ndinavomera, ndipo ukazitapewo unkandikoma. Ndinkawauza kuti agogo aamuna safuna ziganizo za mkazi, amangofunsa za mwamuna: anagwira ntchito molimbika, analankhula mokoma mtima, anaseka mokweza. Agogo aakazi anawomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine! Akudzichemerera kwa mkazi wa ku Joni. Iwowa anasekapo mokweza liti? Ndakalamba nawo m'nyumba muno, mano awo ndimawaona akamadya nzimbe."

Sipanapite masiku, agogo aakazi anapeza chimene ankafuna. Posesa kuchipinda anagwedeza jombo lakumanzere, ndipo munagwa envelopu ya sitampa yachilendo. M'kati munali kalata ya Chingerezi ndi chithunzi cha mayi wachitsikana atafunda bulangete pamapewa. Ndinayamba kufufuza mphuno ya agogo pankhope ya mayiyo, ndipo mmene ndinkayang'anitsitsa ndi mmenenso ndinkaionera.

Agogo aamuna pochokera kudimba masana, anapeza majombo ndi bulangete lawo zili pabwalo. Agogo aakazi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"A Ngozo, mudzi uno ndi wa amayi anga. Zaka zonse zija munali ku Joni ndinalera ana ndekha, osayang'ana kumbali. Ngati muli ndi banja kwina, majombo ndi awa, msewu ndi uwo. Esinati, werenga kalatayi, ndipo usadumphe liwu ngakhale limodzi."

Agogo aamuna anandiyang'ana. Anadziwa kuti wowaulula ndine, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinawerenga ndikumasulira. Wolembayo anati dzina lake ndi Palesa, wa ku Lesotho, mwana wa a Sello. Bambo ake anafera mumgodi iye ali wakhanda, ndipo dzina ndi keyala ya agogo anazipeza m'kabuku ka malemuwo mayi ake atamwalira. Kunyumba anangouzidwa kuti kunachitika ngozi. Pomaliza anapempha kuti, "Inu munali nawo. Ndiuzeni kuti anali munthu wotani, ndipo anafa bwanji."

Agogo aamuna anakhala pamtondo wogona n'kutulutsa pepala la shuga lija m'thumba la malaya.

"Sello ndiye ankaseka mokweza, Nachisale, osati ine. Yankho la kalatayi ndalemba ndi dzanja langa, chifukwa nkhani yotereyi sutumira munthu. Chatsala ndi chiganizo chimodzi, ndipo miyezi iwiri yatha chikundikanika."

Anatiuza zimene anali asanauzepo munthu. Thanthwe linagwa m'mawa, n'kupsinja Sello kuyambira m'chiuno kutsika, njira yotulukira n'kutsekeka. Agogo anakhala naye mumdimamo mpaka tsiku lotsatira atamugwira dzanja, iye akupempha madzi amene panalibe, akuitana dzina la mwana wakeyo mpaka mawu anatha.

"M'kope la Esinati muli mawu awiri," anatero agogo. "Lina ndi loona, koma sindingalilembe. Linalo ndi labodza."

Agogo aakazi anatenga chithunzi chija n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkadikira kuti anene zimene ankatiuza tsiku ndi tsiku, zoti choona chimawawa koma sichipha.

"Mwana wamasiye wadikira zaka zonsezi kuti mumusenzetse thanthwe limenelo? Lembani kuti anafa msanga."

"Koma ndi bodza, Nachisale."

"Bodzalo ndisenza ndine. Esinati, msanga pa Chingerezi amati chiyani?"

Ndinawauza. Agogo aamuna ananyowetsa pensulo ndi lilime n'kulemba chilembo chimodzichimodzi: "He died quickly." Agogo aakazi anatola majombo aja okha, n'kuwakuntha fumbi ndi chitenje chawo, n'kukawabwezera kuchipinda. Pepani sanamunene, ndipo agogo aamuna sanamufunse.

Patapita zaka, ndili kusukulu ya uphunzitsi, chifuwa chija chinawatenga agogo aamuna. Uthenga unandipeza mochedwa, ndipo ndinafika anthu atabwerako kale kumanda. Ndinapeza agogo aakazi atakhala pamphasa m'nyumba, ataonda kwambiri, maso atalowa m'kati ngati munthu amene sanagone masabata ambiri. Ndinagwada pafupi nawo n'kufunsa chimene chinkandidya mumtima njira yonse.

"Agogo, anavutika?"

Anandiyang'ana m'maso osaphethira, n'kundisisita dzanja.

"Ayi, mwanawe. Apita msanga."

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi kupulayimale, ndipo chaka chilichonse ndimalemba tiziganizo tomwe tija pabolodi, ana n'kumabwereza mokweza. Majombo aja ali kunsi kwa bedi langa, ndimawapukuta ndikakumbukira. Azakhali amene ankadwazika agogo adakali moyo, ndipo timaonana pafupifupi mwezi uliwonse. Ine amene ndimafunsa kawiri ngakhale mtengo wa tomato, funso limenelo sindinawafunsepo, ndipo sindidzawafunsa.