Tsidya Lopanda Khoma

Anthu ankangowatchula kuti a Misomali, chifukwa pogwira ntchito ankaluma misomali n'kumayankhula chapamphuno. Anali kalipentala. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtsinje, ndipo akazi awo, mayi wovutika miyendo, ankasoka makatani pakhonde.

Kale mtsinjewo unkayenda mokhotakhota. Ukadzaza unkasefukira m'dambo, madzi n'kugona momwemo mpaka kuphwa. Kenako kunabwera akatapila. Anauwongola, dambo analikwirira n'kumangapo nyumba zosungiramo katundu, tsidya linalo n'kuimikako khoma lalitali la miyala ndi simenti. Tsidya la a Misomali analisiya choncho.

Alamu awo, achimwene a mayi aja, ankakhala kuseri kwa khomalo.

"Alamu, samukirani kwathu," ankatero akabwera kudzacheza. "Ife mtsinje tinausudzula."

"Mwausudzula, nanga ukakwatiwa kuti, achimwene?" mayiwo ankafunsa osadzutsa mutu pamakina, onse n'kufa nako kuseka.

Mvula yaikulu itagwa, madzi anasowa pokhota, anasowanso pogona. Anatsika mwaliwiro, anagunda khoma, n'kukhuthukira tsidya lopanda khoma. Anali masana. A Misomali anali kumtunda, kokakhoma chitseko cha munthu. Pobwerera anapeza msewu wawo ukuyenda ngati mtsinje, madenga okha akuoneka, anthu ataima pachitunda akungoloza. Nawonso anaima, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Winawake anawagwira mkono, koma iwo sanali kupita kulikonse.

Akazi awo anapezeka mawa lake, kumunsi, mumchenga.

Bokosi anakhoma okha, ndi matabwa opatsidwa. Misozi sinabwere. Chimene chinawavuta n'chakuti thabwa limodzi linali lopindika, ndipo analipala nthawi yaitali. Alamu aja anabwera maso ali psuu, nanjuta pambali pawo.

"Alamu, nthabwala zija ine sindinkadziwa kuti..."

"Tandigwirirani uku," anatero a Misomali. Alamuwo anagwira.

Mwana wamkazi wa a Misomali anawatenga kukakhala nawo kumtunda, m'kachipinda komwe munkasungidwa njinga. Akati, "Bambo, idyani," ankadya. Akati, "Bambo, kasambeni," ankapita kukasamba. Ntchito inachuluka, pakuti zitseko za anthu zinali zitafufuma ndi madzi, zina zitapita. Ankadzuka, kupala, kukhoma, kubwerera. Makasitomala ankawapepesa, iwo n'kuyankha kuti zikomo, maso ali pa tepi yoyezera.

Aneba awo akale atayamba misonkhano yofuna khoma lawolawo, anawaitana kuti akayankhule, poti ndiwo anataya munthu. Anapita, anakhala kumbuyo, ndipo dzina lawo litatchulidwa anaimirira, n'kukhalanso pansi.

Khomalo linamangidwadi. Dzinja lotsatira madzi anadutsa bwinobwino pakati pa makoma awiriwo, n'kukalowa m'nyumba za kumunsi kwa mlatho, kumene sikunasefukirepo chiyambire.

Mwana wawo anawauza nkhaniyo m'mawa, akuwathirira tiyi. A Misomali anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa ngati mlathowo ukuwolokeka ndi njinga yonyamula matabwa.